Kumasulira Mayina a Ampangankhani Ochokera M'ziyankhulo Zopeka

Mawu Oyamba

Aliyense amene adakhalako pa benchi m'nyumba yoonetsera mafilimu ku Ndirande, ku Bangwe kapena kuseri kwa msika wa Limbe akudziwa kuti filimu yomasuliridwa m'Chichewa imakhala ndi munthu mmodzi woyankhulira aliyense: mfumu, msilikali, mayi wolira, ngakhale galu. Munthu ameneyu akakumana ndi dzina lopinda lilime sataya nthawi. Amangoyang'ana maonekedwe a mpangankhaniyo n'kumupatsa dzina latsopano. Wadazi amakhala Chidazi, wonenepa amakhala Chimimba, ndipo ngwazi ya nkhaniyo imangotchedwa mwini filimu. Oonera amaseka, nkhani imamveka, palibe wodandaula.

Njira imeneyi imathandiza pa filimu ya nkhonya ndi mfuti, pomwe dzina limangogwira ntchito yosiyanitsa anthu. Koma pali mtundu wina wa nkhani umene mayina ake adaumbidwa mosamala. Ndikunena nthano za maiko opeka, zimene mlembi amalenga dziko lakelake n'kuikamo mitundu ya anthu ndi zolengedwa zina, mbiri yawo, ngakhalenso ziyankhulo zawo. Achinyamata ambiri a mu Blantyre adakumana ndi nkhani zotere kudzera m'mafilimu atatu a The Lord of the Rings amene adatuluka mu 2001, 2002 ndi 2003, kenaka Game of Thrones kuyambira mu 2011. Nawonso alembi a kuno kwathu adayamba kulenga maiko awoawo. Shadreck Chikoti adatulutsa Azotus the Kingdom mu 2015, nkhani yochitika mu Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Wofuna kumasulira mabuku oterewa m'Chichewa ayenera kusankha chochita ndi mayina, ndipo chimene wasankha pa tsamba loyamba chimamutsata mpaka tsamba lomaliza.

Nkhani ino yachokera pa ntchito imene ndidachita yomasulira ndime zingapo za The Lord of the Rings n'kumaziwerenga mokweza kwa abale anga kunyumba ku Zingwangwa, anthu amene sadawerengepo bukuli m'Chingerezi. Chimene ndidaphunzira n'chakuti womasulira asathamangire kufunsa kuti dzina likutanthauza chiyani. Ayambe wafunsa kuti: kodi mlembi adafuna kuti wowerenga alimve tanthauzo dzinali, kapena adafuna kuti limveke lachilendo? Mayankho ena onse amatsamira pa funso limeneli.

Tolkien ndi Ziyankhulo Zake

J. R. R. Tolkien adabadwira ku Bloemfontein, m'dziko limene lero ndi South Africa, mu 1892, chaka chomwecho chimene David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre adatulutsa dikishonale yake ya Chimang'anja. Adakulira ku England ndipo adadzakhala mphunzitsi wa Chingerezi chakale pa yunivesite ya Oxford. Iye adayamba kupeka ziyankhulo asadalembe nthano zake, ndipo adanena yekha kuti nthanozo adazilemba pofuna kuzipezera ziyankhulozo dziko lokhalamo. Ziwiri zimene adazikonza kwambiri ndi Quenya, chimene kamvekedwe kake kadatengera chiyankhulo cha ku Finland, ndi Sindarin, chotengera cha ku Wales. Zonse ziwiri ndi za mtundu wa zolengedwa zosakalamba zotchedwa ma Elf. Palinso Khuzdul cha ma Dwarf, anthu aafupi okumba migodi, ndi chiyankhulo chaukali cha ku Mordor, dziko la mdani.

Mayina a m'ziyankhulo zimenezi ali ndi ziwalo ngati mawu a chiyankhulo chenicheni. M'Chisindarin, mor ndi mdima kapena kuda, dor ndi dziko, ndipo gond ndi mwala. Motero Mordor ndi dziko lakuda, Gondor ndi dziko la miyala, ndipo Moria ndi phompho lakuda. Wowerenga watcheru amayamba kuzindikira yekha kuti paliponse pomwe pali mor pali choopsa, ngakhale kuti palibe wamuphunzitsa.

Chochititsa chidwi n'chakuti Tolkien adadziika yekha pa malo a womasulira. Kumapeto kwa bukuli, limene lidatuluka mu 1954 ndi 1955, adalemba ngati kuti nkhani yonseyo adaipeza m'chiyankhulo cha anthu wamba a m'dzikolo, chotchedwa Westron, ndipo iye adangoimasulira m'Chingerezi. Malinga ndi chipekedwe chimenechi, Sam dzina lake lenileni lidali Banazîr, dziko la ma hobbit lidali Sûza, ndipo ma hobbit enieniwo ankadzitcha kuduk. Mayina amene eni nkhani ankawamva ngati akwawo adawasandutsa a Chingerezi. Mayina a ma Elf, amene adali achilendo ngakhale kwa ma hobbit, adawasiya mmene adalili.

Omasulira oyamba sadatsate zimenezi monga mmene mlembi ankafunira. Buku la m'Chidatchi la Max Schuchart lidatuluka mu 1956 ndi 1957, ndipo la m'Chiswidi la Åke Ohlmarks lidatuluka pakati pa 1959 ndi 1961. Ohlmarks adasandutsa Rivendell kukhala Vattnadal, chigwa cha madzi, poganiza kuti dzinalo likunena za mtsinje, pomwe likunena za chigwa chong'ambika. Tolkien adakhumudwa, ndipo adalemba malangizo a omasulira, dzina ndi dzina, amene adadzasindikizidwa mu 1975 iye atamwalira. Mfundo yake idali yachidule: mayina a Chingerezi amasuliridwe, a m'ziyankhulo zopeka asakhudzidwe. N'chifukwa chake banja la a Baggins, limene dzina lake lili ndi mawu otanthauza thumba, ndi Beutlin m'Chijeremani, Bolsón m'Chisipanishi, ndipo m'Chifalansa lidali Sacquet kenaka Bessac, koma Legolas ndi Legolas m'ziyankhulo zonsezi.

Zimene Omasulira Baibulo Adatisiyira

Vuto la mayina si lachilendo m'Chichewa. Omasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray mothandizana ndi amishoni ena monga Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, adakumana ndi mazanamazana a mayina a Chihebri ndi Chigiriki amene ali ndi matanthauzo. Njira yawo idali yowapinda kuti akwane m'kamwa mwa Mnyanja: Yohane, Mateyu, Davide, Isake. Matanthauzo adatsalira m'mbuyo. Kefa m'Chiaramu ndi Petro m'Chigiriki onse akunena thanthwe, koma palibe adayesa kumutcha mtumwiyo Thanthwe, ndipo mpaka lero mlaliki ayenera kuima kaye n'kufotokozera mpingo masewero a mawu amene ali pamenepo. Kumbali ina, buku la John Bunyan lidasanduka Ulendo wa Mkhristu, ndipo mwini nkhaniyo adamasuliridwa dzina chifukwa m'buku limenelo dzina ndilo khalidwe la munthu.

Chitsanzo chachikulu ndi dzina la Mulungu. Buku Lopatulika lidalemba kuti Yehova. Buku Loyera, la mu 1998, lidasankha Chauta, dzina limene makolo ankalitchula kale amishoni asadafike. Loyamba lidasunga chilendo, lachiwiri lidabweretsa dzinalo pakhomo. Njira zonse ziwiri tili nazo kale m'mabuku athu, ndipo owerenga adazizolowera. Chimene nthano za maiko opeka zimafuna n'chakuti njira ziwirizi zigwiritsidwe ntchito m'buku limodzi, mwadala, kuti wowerenga azimva kusiyana kwa kwawo ndi kwa eni.

Mayina Oyenera Kumveka

Ife tidazolowera kuti dzina liziyankhula. Mwana wotchedwa Mavuto, Tiyanjane kapena Chisoni amanyamula mbiri ya nyengo imene adabadwa. Mlendo nayenso timamupatsa dzina malinga ndi mmene tamuonera. Dera la Mandala mu mzinda uno lidatchedwa choncho chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir wa kampani ya African Lakes, amene anthu adamutcha Mandala. Pa chifukwa chimenechi, gawo ili la ntchito lidandikomera kwambiri, ndipo Chichewa chidaonetsa kuti chili ndi zida zokwanira.

Banja la Baggins ndidalitcha a Matumba. Dzinali limamveka ngati la munthu amene mungakumane naye m'minibasi ya ku Chirimba, ndipo n'zimene zikufunika, pakuti ma hobbit ayenera kumveka ngati anansi athu. Mlongo wanga adamva ngati ndati Matumbo, koma poona mmene ma hobbit amakondera kudya, sindidadandaule. Banjali lili ndi achibale odzikweza otchedwa Sackville-Baggins. Kwa Mngerezi, mbali yoyambayo imamveka Chifalansa, chiyankhulo cha anthu odzionetsa. Kuno kwathu munthu akafuna kudzionetsa amathawira ku Chingerezi, choncho ndidasiya mbali imeneyo osaimasulira. A Sackville-Matumba adaseketsa omvera anga ndisadafotokoze chilichonse.

Aragorn, mwana wa mafumu amene amayendayenda m'tchire modzibisa, anthu a m'mudzi wa Bree amamutcha Strider, kutanthauza woyenda ndi mapazi aataliatali. Ili ndi dzina ngati la Mandala, lopatsidwa ndi eni mudzi kwa munthu amene sakumudziwa bwino, ndipo lili ndi kachipongwe pang'ono. Poyamba ndidalemba Chiyendayekha, dzina losonyeza kukayikira kwa anthu a m'mudzimo. Koma kumapeto kwa nkhani, Aragorn atakhala mfumu, amatenga dzina lomweli n'kulimasulira m'Chiquenya kuti Telcontar, likhale dzina la banja lachifumu. Banja lachifumu silingatchedwe Chiyendayekha. Ndidabwerera n'kulemba Mponyamwendo, dzina limene lingayambe ngati chipongwe n'kutha ngati ulemu. Apa ndidaphunzira kuti munthu asamasulire dzina asadawerenge buku lonse.

Gríma Wormtongue, mlangizi wachinyengo wa mfumu, ndi msampha wa wothamangira dikishonale. M'Chingerezi chakale mawu oyambawo ankanena njoka, osati nyongolotsi, choncho dzina loyenera ndi Lilimelanjoka. Kangaude wamkulu wamkazi wotchedwa Shelob ndi wovutirapo. Dzinali limamveka ngati la chiyankhulo chachilendo, koma Tolkien adaulula kuti adangolumikiza mawu awiri a Chingerezi, otanthauza mkazi ndi kangaude, achiwiriwo akale osadziwika kwa ambiri. Ndiye kuti tanthauzo lake n'lobisika theka. Chichewa chili ndi kaphatikizo ka na- kamene timakamva m'mayina a amayi monga Naphiri ndi Nambewe, komanso m'mayina a zamoyo monga nadzikambe, namzeze ndi nankafumbwe. Nakangaude lidandimvekera loonekeratu kwambiri, ndiponso lachibwana. Nangaude lidabisa pang'ono ngati mmene mlembi adachitira.

Mnzanga wina adapereka ganizo lakuti, popeza mayina a Chingerezi ndi omasulira kale, tingobwerera ku mayina a Westron. Ganizoli n'lokopa koma limagwetsa cholinga chonse, chifukwa limasandutsa ma hobbit alendo. Komanso lili ndi ngozi yake. Merry, mmodzi wa anzake a Frodo, m'chiyankhulo chimenecho ndi Kali, kutanthauza wansangala. Khutu la Chichewa likamva Kali limamva ukali.

Mayina Oyenera Kukhala Achilendo

Kunena kuti mayina a m'ziyankhulo zopeka asakhudzidwe n'kosavuta pa pepala. Pakamwa ndi nkhani ina. Phatikizo la Chichewa limatha ndi chilembo cha liwu, ndipo zilembo zopanda liwu zogundana monga za mu Frodo kapena Elrond timazipatula mwachibadwa. Komanso l ndi r kwa ife ndi liwu limodzi: malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsa amati r alembedwe pambuyo pa i kapena e, ndipo l alembedwe kwina konse. Tikatsata njira ya Buku Lopatulika, Aragorn akhala Alagoni, Gandalf akhala Gandalufu, Mordor akhala Modo, ndipo Moria akhala Moliya.

Ndidayesa zimenezi ndipo ndidazisiya pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ziwalo za mayina zija zimasowa. Palibe angaone ubale wa Modo ndi Moliya, kapena wa Modo ndi Gondo, pomwe pa Mordor, Moria ndi Gondor ubalewo uli poyera. Chachiwiri, dzina likavala zovala za Chichewa limasiya kukhala mlendo, ndipo mzinda wa ma Elf umamveka ngati siteji ya pa msewu wa ku Chikwawa. M'buku losindikizidwa ndi bwino kusunga kalembedwe ka mlembi n'kuika tsamba limodzi kumapeto lofotokoza katchulidwe. Wowerenga pa wailesi kapena womasulira filimu, amene alibe tsamba lotero, awonjezere zilembo za liwu zochepa zimene lilime likufuna, osapitirira apo.

Tsamba la katchulidwe limenelo liyenera kulembedwera ife, osangomasulira la Chingerezi, chifukwa mavuto athu ndi ena. Tolkien adachenjeza kuti c m'mayina a ma Elf azitchulidwa ngati k nthawi zonse, motero Celeborn ndi Keleborn. Mngerezi amalakwa potchula s. Koma munthu wa ku Chipata, kumene Chinyanja amachilemba ndi c yekha, ngakhalenso agogo ozolowera Buku Lopatulika la kalembedwe kakale, adzatchula Cheleborn. M'Chisindarin th ndi liwu lotulukira pakati pa mano, limene ife tilibe, choncho Mithrandir, dzina limene ma Elf amatchula Gandalf, wowerenga wathu adzalitchula ndi th wa mu thumba. Pamenepo tataya, ndipo palibe chochita. Koma pa mayina a ma Dwarf tapindula. Mlembi adafotokoza kuti m'chiyankhulo chawo kh ndi th ndi k ndi t wotsatana ndi mpweya, ndendende ngati mu khasu ndi thumba. Mwana wa ku Ndirande amatchula chiyambi cha Khazad-dûm ndi Tharkûn molondola popanda womuuza. Kachipewa kali pamwamba pa u kokha ndiko kangamudabwitse, popeza ife timakadziwa pa ŵ wa mu Malaŵi. Apa kakusonyeza kuti liwulo n'lotalika.

Dzina Likamveka Mwangozi

Chilendo cha dzina chimadalira khutu lomvera. Mu filimu ya Return of the Jedi ya mu 1983 muli cholengedwa cha kuthambo chotchedwa Nien Nunb, chimene opanga filimu adafuna kuti chiziyankhula zosamveka. Mawu ake adaperekedwa ndi wophunzira wa ku Kenya, Kipsang Rotich, ndipo ena mwa mawuwo adali a Chikikuyu. Oonera a ku Nairobi adamva zimene anzawo a ku America ankayesa chiyankhulo cha kunja kwa dziko lapansi.

Mlembi wopeka chiyankhulo amapewa mawu amene angaseketse m'chiyankhulo chake, koma sangadziwe za Chichewa. Asilikali oopsa otchedwa Uruk, akapindidwa m'kamwa mwathu, amamveka ngati akuuzidwa kuti uluka, chikhalirecho ndi oyenda pansi. Mu Game of Thrones, mmene chiyankhulo cha Dothraki chidakonzedwa ndi David J. Peterson potsata mawu ochepa a m'mabuku a George R. R. Martin, mtsogoleri wa anthu okwera mahatchi amatchedwa khal. Tikawonjezera chilembo cha liwu tipeza khala, ndipo mfumu ya anthu osakhazikika malo amodzi yauzidwa kuti ikhale pansi. Choopsa kwambiri chidali Gondor. Nditatchula kuti Gondolo, msuweni wanga adamaliza yekha kuti gondolosi, ndipo ulemerero wonse wa dziko la mafumu udathera m'phwete. Mzinda wakale wa Gondolin sindidayese n'komwe kuutchula.

Mankhwala ake ndi kuwerengera anthu mokweza buku lisadapite kosindikiza, anthu a misinkhu yosiyana ndi a zigawo zosiyana, popeza mawu osalakwa ku Blantyre angakhale otukwana ku Mzimba kapena ku Nsanje. Kusunga kalembedwe ka mlembi kumathandizanso, chifukwa diso likaona Gondor silifulumira kuganiza za mitsitsi.

Magulu a Mayina ndi Ulemu

Pali chinthu china chimene malangizo a Tolkien sadachikhudze chifukwa ziyankhulo za ku Ulaya zimene ankaziganizira sizichita ngati zathu. M'Chichewa dzina lililonse limalowa m'gulu, ndipo gululo limaonekera pa mneni ndi mfotokozi aliyense kudzera mwa agwirizanitsi. Womasulira sangalembe chiganizo ngakhale chimodzi cha ma Orc, asilikali a mdani, asadasankhe ngati adabwera kapena zidabwera. Akasankha gulu la Mu-A wawavomera kuti ndi anthu. Akasankha la Chi-Zi wawasandutsa zinthu, ndipo kuwapha sikumvetsanso chisoni. M'nthano zathu timachita zomwezi: njovu idathyola mtengo, koma a Njovu adaweruza mlandu. Ma hobbit nawo amakopa munthu kuti awaike m'gulu la Ka-Ti chifukwa cha msinkhu wawo, koma kahobiti ndi tihobiti sangasenze nkhani yaikulu chonchi. Ndidawasiya m'gulu la anthu.

Pa Gollum ndi pomwe Chichewa chidaposa Chingerezi. Cholengedwa chimenechi chili ndi mayina awiri: Sméagol, dzina lake lakale asadaonongeke ndi mphete, ndi Gollum, dzina lochokera ku phokoso limene amachita kummero. Frodo amamumvera chisoni, Sam amanyansidwa naye. Ndidachititsa kuti Frodo azinena kuti Sméagol watopa, pomwe Sam azinena kuti Chigolumu chatopa. Kusiyana kwa mitima ya anthu awiriwa kudaonekera pa agwirizanitsi okha.

Chimodzimodzinso ndi ulemu. Tolkien adafotokoza kuti chiyankhulo cha Westron chidali ndi mawu awiri oitanira munthu, laulemu ndi lachizolowezi, koma ma hobbit adasiya kugwiritsa ntchito laulemulo. Choncho Pippin atafika ku Minas Tirith ankayankhula ndi Denethor, wolamulira wa Gondor, ngati mnzake, ndipo anthu a mumzindawo adaganiza kuti mnyamatayo ndi kalonga kwawo. Chingerezi cha lero sichingathe kusonyeza zimenezi, ndipo mlembi adangozifotokoza kumapeto kwa buku. Ife tili ndi iwe ndi inu. Nditawerenga Pippin akunena kuti iwe kwa mkulu wa dziko, mayi anga adagwira pakamwa, zomwe zidali zoyenera. Koma lamulo lomweli likadafuna kuti Sam, amene ndi wantchito wa m'munda, azinenanso kuti iwe kwa bwana wake, ndipo zimenezo zikadamusandutsa wamwano pomwe iye ndi wodzichepetsa. Ndidaphwanya lamulolo: Sam amati inu, ndiponso a Frodo. Wina angandidzudzule kuti sindidatsate njira imodzi, ndipo sindingakane.

Msampha wa Mitundu

Pakati pa mayina omveka ndi achilendo pali gulu lachitatu. Anthu a ku Rohan chiyankhulo chawo chidali pa ubale ndi cha ma hobbit, choncho Tolkien adawapatsa mayina a Chingerezi chakale, monga Théoden, kutanthauza mfumu ya anthu, ndi Éowyn. Ma Dwarf, kuphatikizapo Gandalf yemwe, adawatengera mayina m'ndakatulo yakale ya ku Iceland. Mngerezi amawamva ngati mawu a agogo a agogo ake, odziwika pang'ono koma osamveka bwino.

Womasulira wokonda ntchito yake angafune kuchita chimodzimodzi, kutenga Chimang'anja chakale cha m'dikishonale ya Scott, kapena Chisena, Chinsenga ndi Chitumbuka, kuti zikhale ziyankhulo za mitundu yoyandikana nayo. Pa luso lokha, ganizoli n'labwino. Koma ndikuona kuti n'loopsa. Mfumu ya ku Rohan ikatchedwa Lundu kapena Kalonga, tabwereka mipando yamoyo imene ili ndi eni ake lero lino. Ma Dwarf akatchedwa Akafula kapena Amwandionerapati, tasandutsa nthano anthu enieni amene makolo athu adawapeza m'dziko muno. Ndipo tikangoyamba kugawa ziyankhulo za m'Malawi kwa mitundu ya m'bukumu, funso lidzafika lakuti ma Orc tiwapatse cha yani. Dziko lino likukumbukira chaka cha 1968, pamene Chichewa chidakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi. Buku la m'Chichewa limene olungama ake akuyankhula Chichewa ndipo oipa ali ndi mayina a chiyankhulo cha mtundu wina lingatsegule chilonda chimenecho m'kalasi momwe muli ana a mitundu yonse. Ndi bwino Théoden akhale Théoden, ngakhale kuti kamvekedwe kachibale kaja katayika.

Dzina Limene Lidandivuta

Aragorn ali mwana adaleredwa pakati pa ma Elf ku Rivendell, ndipo pofuna kumubisa kwa adani adamutcha Estel, mawu a Chisindarin otanthauza chiyembekezo. Mwa malangizo a mlembi, dzinali siliyenera kukhudzidwa. Koma dzanja langa linkafuna kulemba Chiyembekezo, dzina limene lili m'kaundula wa sukulu iliyonse mu Blantyre, ndipo limanena ndendende zimene makolo amaika pa mwana wobadwa pa nthawi yovuta. Palibe dzina lina m'buku lonse limene lidayandikira chonchi ku katchulidwe kathu ka ana.

Ndidawerenga ndimeyo kawiri. Ulendo woyamba ndidati Chiyembekezo, ndipo omvera adakhudzidwa, koma palibe adazindikira kuti mwanayo akukulira kwa eni, pakati pa anthu a chiyankhulo china, pomwe mfundo ya ndimeyo ndi imeneyo. Ulendo wachiwiri ndidati Estel, ndipo mlongo wanga adafunsa chifukwa chimene mwana wamwamuna adamupatsira dzina la Estere. M'zolemba zanga ndasiya Estel, m'kalembedwe ka mlembi kopanda e kumapeto, ndipo pomwe dzinali likutchulidwa koyamba ndawonjezera kuti m'chiyankhulo cha ma Elf ndiye kuti Chiyembekezo, monga mmene mlembi mwini adachitira m'Chingerezi. Mlongo wanga akadali kumutcha Estere.